Mbiri ya Malemu Allan Namoko, Katswiri wa Banjo wa ku Chimvu (1956–1995)

Amene adakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 m'maboma a Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje amakumbukira kawailesi ka mabatire kamene kankaikidwa pakhonde madzulo, anthu ataweruka kumunda. Masiku amenewo dziko lonse lidali ndi nyumba imodzi yokha youlutsira mawu, ya MBC, kotero kuti nyimbo imene yalira pamenepo inkamveka kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa nthawi imodzi. Pakati pa oyimba ambiri amene ankamveka m'kawailesiko padali mmodzi amene mawu ake sankasokonezeka ndi a munthu wina: mawu okwera, odandaula ngati a namfedwa, koma otsagana ndi banjo yothamanga imene inkadzutsa munthu pampando kuti avine. Amenewo adali a Allan Namoko, munthu wosaona wa ku Thyolo, mtsogoleri wa gulu la Chimvu River Jazz Band.

A Namoko adakhala ndi moyo zaka 39 zokha. Sadalembe buku, sadasiye chuma, ndipo atamwalira padafika nthawi imene dzina lawo lidatsala pang'ono kuzimiririka. Chimene chachititsa kuti mbadwo wa lero uwamve ndi chakuti padali anthu amene adajambula mawu awo, ndiponso anthu ena amene adasunga matepiwo osawataya.

Kwawo ndi mtundu wawo

A Namoko adabadwa m'chaka cha 1956, dziko lino likadali m'manja mwa atsamunda, pansi pa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kwawo kudali m'boma la Thyolo, kudera la Chimvu, ndipo adali Mlhomwe. Kuti munthu amvetse chisoni chimene chili m'nyimbo zawo, ayenera kudziwa njira imene makolo a dera limenelo adayenda.

Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, Alhomwe ambiri adawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kumadera ozungulira phiri la Namuli, pothawa msonkho, chibalo ndi nkhanza za Apwitikizi, ndiponso njala. Atafika kuno adapeza kuti nthaka yachonde ya kumapiri a Shire idagawidwa kale kwa azungu a maesiteti. Munthu wofuna pomanga nyumba ndi polima pang'ono ankayenera kulipira malowo ndi thukuta lake, kugwira ntchito ya thangata m'minda ya thonje, fodya ndi tiyi. Anthu a ku Chiradzulu amaidziwa bwino nkhaniyi, pakuti nkhanza za thangata ndi chimodzi mwa zinthu zimene zidautsa nkhondo ya m'busa John Chilembwe mu Januwale 1915.

Pamwamba pa umphawi padalinso chitonzo. Alhomwe ankatchulidwa dzina lachipongwe, mpaka bungwe lawo limene lidakhazikitsidwa mu 1943 motsogozedwa ndi a Lewis Mataka Bandawe lidaumiriza boma kuti lisiye dzinalo. Ngakhale zidatero, mabanja ambiri adali atayamba kale kuchita manyazi ndi chiyankhulo chawo, ndipo ana ankakula akumva Chilhomwe kwa agogo okha. A Namoko adabadwira m'dziko lotere: la mizere ya tiyi yobiriwira yosatha, timinda tating'onoting'ono m'mphepete mwake, ndi chiyankhulo cha makolo chimene chinkabwerera pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba.

Kusaona ndi banjo

M'midzi ya nthawi imeneyo munthu wosaona ankaonedwa ngati wongodikira kupatsidwa. Sukulu za ana osaona zidalipo, monga ya Lulwe ku Nsanje ndi ya Chilanga ku Kasungu, ndipo pambuyo pake ku Montfort, ku Nguludi m'boma lino la Chiradzulu, kudayamba maphunziro a aphunzitsi a ana otere. Koma malo adali ochepa ndipo ana ambiri sankafikako. Njira imene idali yotseguka kuyambira kalekale idali ya nyimbo. Oyimba bangwe, zeze ndi kaligo ankayendayenda m'midzi, pamowa ndi m'misika, ndipo ena mwa akatswiri awo adali anthu osaona, amene khutu lawo ndi chikumbumtima chawo zidali zakuthwa kuposa za anzawo openya. A Namoko adalowa m'mzera wa anthu amenewa, koma chida chimene adasankha chidali cha mbadwo watsopano.

Banjo ili ndi mbiri yozungulira. Makolo ake ndi zoyimbira za zingwe za kumadzulo kwa Africa, zimene luso lake lidawoloka nyanja pamodzi ndi akapolo kupita ku America. Kumeneko idasinthidwa maonekedwe, kenaka idabwerera ku Africa kudzera m'masitolo, m'magalamafoni ndi m'mabandi a m'matauni. M'dziko muno idafala makamaka itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu 1945, pamene asilikali a King's African Rifles ndi amuna amene adapita ku Joni ndi ku Salisbury ankabwerera ndi magitala, mabanjo ndi zimbale. Anyamata a kumudzi amene adalibe ndalama yogulira sadagwe ulesi. Ankatenga chitini cha mafuta kapena poto wakale, chikopa cha mbuzi kapena cha ng'azi, mtengo wosema ndi mawaya a buleki ya njinga, banjo n'kubadwa. Ng'oma ankakhoma okha, zitsekerero za mabotolo ankazitunga pawaya kuti zizilira ngati maseche, ndipo mawu aakulu apansi ankachokera ku chigitala cha chingwe chimodzi chimene woyimba amachita kuchikhalira.

Magulu oterewa ankadzitcha mabandi a jazz, ngakhale kuti nyimbo zawo sizidali jazz ya ku America. Ambiri ankatenga dzina la mtsinje kapena phiri la kwawo, monga mmene a Robert Fumulani adatchulira gulu lawo kuti Likhubula River. A Namoko nawonso adatero: dzina la Chimvu, limene kale linkadziwika ndi anthu a ku Thyolo okha, adalinyamula n'kulifikitsa m'nyumba za dziko lonse.

Pa wailesi

MBC idayamba ntchito mu 1964, chaka chimene dziko lidalandira ufulu wodzilamulira. Popeza makampani ojambula nyimbo adali osowa, wailesiyi ndiyo idali situdiyo yaikulu ya fuko. Oyimba ankabwera ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, kapena akatswiri a wailesi ankanyamula makina n'kupita m'maboma kukajambula magule ndi mabandi pa matepi aakulu okulungidwa pamikombero. Mapulogalamu monga Nyimbo za m'Maboma ankapatsa mwayi munthu wa kumudzi kuti amveke pafupi ndi woyimba wa m'tauni.

Kujambula kwa masiku amenewo kudalibe chinyengo. Gulu lonse linkayimba nthawi imodzi, ndipo wina akaphonya ankayambiranso. Chimene chili pa matepi a a Namoko ndi chimene munthu akadamva atakhala nawo pabwalo: banjo yotsogolera, ng'oma yoyankha pansi, mtsogoleri akuponya mawu ndipo anzake akuvomera, monga momwe zimakhalira pa gule aliyense wa makolo. Amene adavinako tchopa kapena kuonerera magule ena a Alhomwe amazindikira msanga kumene mayendedwe a nyimbozo adachokera. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 nyimbo monga Lameki, Achilekwa, Ana Osiidwa ndi Gitala Kulira Ngati Chitsulo zidafika podziwika ndi aliyense, wamkulu ndi mwana yemwe.

Pali chinthu china chimene chimaiwalika anthu akamakamba za iwo. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cholamula udagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo ziyankhulo za boma, za sukulu ndi za wailesi. Ziyankhulo zina zidachoka pa nkhani ndi pa zolengeza, ndipo zidabwereranso ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994. M'zaka zonse za pakatipo khomo limene lidatsala lotseguka lidali la nyimbo. A Namoko ankayimba m'Chichewa, komanso ankayimba m'Chilhomwe. Mlhomwe wogwira ntchito ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, amene mwina kuntchito sankaulula n'komwe mtundu wake, ankamva chiyankhulo cha amayi ake chikutuluka m'wailesi ya boma, chikuyimbidwa mosabisa ndi mosapepesa. Zimenezi zidachitika kudakali zaka zambiri kuti magulu oteteza chikhalidwe a masiku ano ayambe, ndiponso kuti bungwe la UNESCO livomereze tchopa mu 2014 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Chifukwa chake amatchedwa woyimba blues

Nyimbo za a Namoko zinkakamba za zinthu zimene munthu wa kumudzi amagona nazo n'kudzuka nazo: imfa, umasiye, umphawi, mikangano ya m'banja ndi khalidwe la anansi. Ankatchula anthu mayina, ankaseka ena n'kulangiza ena, monga amachitira amayi pamtondo. Nthawi imeneyo nyimbo zinkayang'aniridwa ndi bungwe lopima zofalitsa limene lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo woyimba wolankhula zandale poyera ankaika moyo wake pachiswe. Koma munthu woyimba za mwana wamasiye amene akugona ndi njala ankanena zoona za dziko popanda kutchula boma, ndipo omvera ankamva zonse.

Nyimbo ya Ana Osiidwa idakula tanthauzo m'kupita kwa zaka. Matenda a Edzi adapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1990 padalibe mudzi umene udalibe ana oleredwa ndi agogo. Dzina la nyimboyo lidasanduka dzina la mbadwo wonse.

Olemba za nyimbo a kunja ndi a kuno omwe amawatcha a Namoko woyimba blues wa ku Malawi. Blues ndi nyimbo zimene zidabadwa pakati pa zidzukulu za akapolo kummwera kwa dziko la United States, makamaka m'chigawo cha Mississippi, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Anthu amenewo ankalima thonje pa nthaka ya eni ake, n'kumalipira malowo ndi gawo la zokolola, ndipo chaka chinkatha ngongole isanathe. Wodziwa thangata safunika kumufotokozera zambiri. Nyimbo zawo zidali za munthu mmodzi ndi gitala wake, wodandaula za mavuto ake m'njira yakuti omvera apepukidwe mtima. Katswiri wa maphunziro a nyimbo Gerhard Kubik, amene adayamba kugwira ntchito ndi banja la a Kachamba a ku Chileka mu 1967, adalemba buku lotchedwa Africa and the Blues mu 1999 losonyeza mizu ya ku Africa ya nyimbo zimenezi. Choncho a Namoko sadabwereke chisoni chawo ku America. Mitengo iwiriyi idafanana zipatso chifukwa idamera pa nthaka yofanana.

Ngakhale moyo wa oyimba ake udafanana. Blind Willie Johnson wa ku Texas adali wosaona, adajambula nyimbo 30 pakati pa 1927 ndi 1930, ndipo adamwalira ali mmphawi mu 1945. Patapita zaka 32, mu 1977, imodzi mwa nyimbo zake idaikidwa pa chimbale chagolide chimene chidatumizidwa kuthambo ndi zombo za Voyager, kuti ikaimire mawu a mtundu wa anthu. Ulemu umenewu udatheka chifukwa zimbale zake zidasungidwa.

Kutchuka kopanda phindu

Kutchuka kwa a Namoko sikudasinthe moyo wawo kwenikweni. Oyimba a nthawi imeneyo ankalandira kangachepe pa tsiku lojambula, ndipo nyimbo inkatha kulira zaka khumi pa wailesi mwini wake osaonanso tambala. Makaseti atafala, anthu ankangokoperana, ena n'kumagulitsa m'misika popanda chilolezo. Lamulo loteteza umwini wa ntchito za luso lidakhazikitsidwa mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA, lotolera ndalama za oyimba, lidayamba mu 1992. Kwa a Namoko thandizo limeneli lidafika dzuwa litapendeka kale.

M'zaka zomwezo makutu a anthu adatembenukira kwina. Kudabwera makiyibodi ndi ng'oma za magetsi, reggae ya ku Balaka idagwira dziko, rumba ya ku Zaire idadzaza malo achisangalalo. Banjo idayamba kuonedwa ngati chinthu chachimidzi, choyenera pamsika ndi pokwerera basi. A Namoko adamwalira m'chaka cha 1995. Akuluakulu amati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika, ndipo kwa iwo zidaterodi. Wailesi ya kanema idayamba m'dziko muno mu 1999, patatha zaka zinayi iwo ali m'manda, kotero kuti Amalawi ambiri amene ankaimba nawo nyimbo zawo sadaone konse nkhope yawo.

Amene adasunga mawu

Munthu woyamba woyenera kutchulidwa ndi Dr John Lwanda, dokotala wa Chimalawi wokhala ku Scotland, amenenso ndi wolemba mabuku a mbiri ndi chikhalidwe. Iwo adakhazikitsa kampani yaing'ono yotchedwa Pamtondo ndi cholinga chojambula ndi kufalitsa nyimbo za Amalawi zimene makampani aakulu sankazilabadira. Mu 1992 Pamtondo idatulutsa chimbale cha a Namoko ndi gulu lawo chotchedwa Ana Osiidwa. Chimbale chimenechi ndicho chidafikitsa mawu a ku Chimvu kwa okonda nyimbo a ku Ulaya, ndipo ndicho chidachititsa kuti dzina la a Namoko lilowe m'mabuku ofotokoza nyimbo za dziko lapansi, pafupi ndi mayina a akatswiri a ku Mali, ku Congo ndi ku Zimbabwe.

Nkhokwe yachiwiri ndi ya MBC. M'zipinda za wailesiyi mudatsala matepi ambirimbiri a magule, makwaya ndi mabandi a m'maboma onse. Tepi si chinthu chamuyaya. Kutentha kumaifewetsa, chinyontho chimabweretsa nkhungu, utoto umene umasunga mawu umayamba kusupuka, ndipo makina oiwerengera adasiya kupangidwa. Tepi imodzi ikaonongeka, nthawi zambiri ndiye kuti nyimboyo yapita, pakuti padalibe ina yofanana nayo. M'zaka za m'ma 2010, mothandizidwa ndi dziko la Norway, idayamba ntchito yosamutsa mawu a m'matepiwa kuwaika m'makompyuta. Ntchitoyi ndi yofuna kudekha: kutsuka tepi, kulumikiza poduka, kuizungulitsa pa liwiro lake loyenera, kenaka kulemba dzina la woyimba, mudzi ndi chaka. Mwa njira imeneyi mawu a mbadwo wa a Namoko adapulumuka.

Ntchito yotereyi idayamba kale. Hugh Tracey adayendera dziko lino m'zaka za m'ma 1950 akujambula oyimba a m'midzi ndi m'matauni, ndipo zimene adajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, ku yunivesite ya Rhodes m'dziko la South Africa. Ambiri mwa anthu amene adawajambula sadatchuke konse, koma zidzukulu zawo zingathe kumva mawu awo lero.

Nkhokwe yachitatu idali m'nyumba za anthu wamba. Makaseti amene adasungidwa m'masutikesi ndi m'makabati adayamba kutuluka intaneti itafala, eni ake n'kumaika nyimbozo pa YouTube ndi kutumizirana pa mafoni. Achinyamata amene adabadwa a Namoko atamwalira kale adayamba kufunsa kuti woyimba ameneyu adali yani. Oyimba a masiku ano ofuna kuti nyimbo zawo zimveke Chimalawi akubwerera ku banjo imene idanyozedwa ija kukatapako mayendedwe.

Anthu a ku Chiradzulu adaona chinthu chofanana ndi chimenechi pakhomo pawo. A Giddes Chalamanda, mwana wa boma lino amene adabadwa mu 1930, adayimba zaka zambiri osapeza phindu lenileni, mpaka mu 2020 pamene adajambula nyimbo zawo zakale pamodzi ndi Patience Namadingo, ndipo nyimbo ya Linny Hoo idafalikira maiko ambiri kudzera pa TikTok. Kusiyana kwake ndi kumodzi: a Chalamanda adalandira ulemuwo ndi manja awo, pamene a Namoko udawapeza atagona.

Zimene moyo wawo ukusiyira otsala

Choyamba ndi ngongole. Malinga ndi malamulo a dziko lino, umwini wa nyimbo umapitirira zaka 50 mwini wake atamwalira. Nyimbo za a Namoko zili ndi eni ake kufikira chaka cha 2045, ndipo aliyense woziyimbanso, kuziulutsa kapena kuzigulitsa ayenera kutchula dzina lawo ndi kupereka gawo loyenera kwa abale amene adatsala. Kungakhale kulakwa kwakukulu kuti munthu amene adayimbira ana osiyidwa asiyidwe yekha kachiwiri.

Chachiwiri ndi ntchito. M'midzi ya kwa Mpama, kwa Likoswe, kwa Kadewere, kwa Nkalo ndi kwina konse mukadali agogo odziwa nyimbo za pamtondo, za chinamwali, za maliro ndi za pakulima, m'Chiyao, m'Chimang'anja ndi m'Chilhomwe. Mukadali amisiri okhoma banjo ndi ng'oma. Kale kujambula munthu kunkafuna galimoto ndi makina olemera; lero foni ya m'thumba ikukwanira. Chofunika ndi kupempha chilolezo kwa mwini nyimbo, kujambula pamalo opanda phokoso, kulemba dzina lake, mudzi, mfumu, tsiku ndi tanthauzo la nyimboyo, ndi kusunga mawuwo malo oposa amodzi. Amene ali ndi makaseti, zimbale kapena zithunzi zakale asazitaye. Malo osungira mbiri ya dziko ku Zomba ndi nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri adakhazikitsidwira zinthu zotere.

Chachitatu ndi ulemu kwa amoyo. Woyimba wosaona wokhala pakhomo la msika ndi banjo yake ya chitini angaoneke ngati wopempha, monga momwe ena ankawaonera a Namoko asadamveke pa wailesi. Onse amene asonkhana pa mwambo uno adzadutsa munthu wotere tsiku lina popita kumsika kapena podikira minibasi. Akadzatero adzaime pang'ono, amvetsere nyimboyo mpaka kumapeto, amufunse dzina lake ndi kwawo, ndipo asachoke osamusiyira kanthu.

Mzimu wa malemu Allan Namoko uuse mumtendere.